Galu Wadya Khoswe Amene Mphaka Anagwira: Zoyenera Kuona ndi Kuchita

Pakhomo pamene pali mphaka ndi galu, izi zimachitika mobwerezabwereza. Mphaka amasaka usiku, m'bandakucha n'kusiya khoswe, mbewa, buluzi kapena kambalame pakhonde, ndipo galu amameza inu musanafike n'komwe ndi tsache. Nthawi zambiri palibe chimene chimatsatirapo. Chifu cha galu chili ndi asidi wamphamvu, timafupa tatiwisi ta mbewa timasungunuka bwinobwino, ubweya n'kutuluka m'chimbudzi. Vuto n'lakuti zoopsa zochepa zimene zilipo sizionekera nthawi imodzi. China chimafika m'mphindi zochepa, china pakapita masiku 3 mpaka 5, china pakapita miyezi. Galu akamasewera bwino mawa lake, musafulumire kunena kuti zatha.

Yambani ndi funso la poizoni

Musanaganize za matenda kapena njoka za m'mimba, fufuzani chinthu chimodzi: kodi pali munthu amene waika mankhwala a makoswe m'masabata awiri apitawa? Musangofunsa a m'nyumba mwanu. Funsani oyandikana nawo, a kuchigayo, a golosale, ndi aliyense wosunga matumba a chimanga pafupi. Funsoli limakula kwambiri nyengo yokolola ikatha, chimanga chikalowa m'nyumba, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagula mankhwalawa.

Pali zifukwa ziwiri zimene nyama ya mphaka imakhalira yokayikitsa kuposa imene galu angagwire yekha. Choyamba, khoswe amene wadya poizoni amafooka, amayenda mwapang'onopang'ono, amatuluka ngakhale masana. Ameneyo ndiye mphaka amamugwira mosavuta. Mukaona mphaka waulesi wayamba mwadzidzidzi kubweretsa makoswe tsiku lililonse, musamuyamikire msanga, kayikirani poizoni. Chachiwiri, amphaka ambiri amadya mutu ndi mnofu, n'kusiya chifu, matumbo ndi zina za m'kati. Chifu ndi matumbo ndi mmene muli nyambo ya poizoni imene sinagayike, ndipo chiwindi ndi mmene mankhwala okhetsa magazi amasonkhana. Galu wotola zotsala amadya mbali yoipa kwambiri.

Ngati pali chimene chatsala, chiyang'aneni mutavala jumbo m'manja. M'matumbo mukaoneka mtundu wabuluu, wobiriwira kapena wapinki, umenewo ndi utoto umene amaika m'nyambo za kusitolo. Timibulu takuda tangati mbewu za bonongwe tingakhale tameki, poizoni wopha msanga. Magazi otuluka m'mphuno kapena kumatako kwa khoswe popanda bala la mano akusonyeza mankhwala okhetsa magazi. Mukapeza paketi ya mankhwalawo, itengeni kapena ijambuleni pafoni. Dokotala wa ziweto safuna mtundu wa paketi, amafuna dzina la mankhwala amene ali m'katimo, lolembedwa ndi tizilembo ting'onoting'ono.

Mphindi zoyamba mpaka maola 4: tameki ndi anzake

Tameki, amene dzina lake la pamalonda ndi Temik ndipo mankhwala ake enieni ndi aldicarb, anapangidwira tizirombo ta m'munda, koma amagulitsidwa mobisa m'misika ngati mankhwala a makoswe. Ku South Africa amamutcha two-step. Amapha khoswe msanga kwambiri moti nyambo imakhala idakali m'chifu, ndipo galu akameza chifucho amakhala ngati wadya nyamboyo yekha.

Zizindikiro sizichedwa, kawirikawiri ola limodzi lisanathe. Dovu limachucha kwambiri, mwina thovu, misozi imatuluka, galu amasanza, amatsegula m'mimba, amakodza osadziwa. Minofu imagwedera pansi pa khungu, makamaka kumaso ndi m'mapewa. Kamwana ka diso kamachepa n'kukhala ngati kadontho. Kenako kupuma kumavuta chifukwa mapapo adzaza madzi, ndipo galu amayamba kuphupha. Apa palibe cha kunyumba chimene chingathandize. Mankhwala ake ndi jakisoni wa atropine, ndipo amafunika nthawi yomweyo, mwina kubwerezedwa kangapo. Mukulungeni galu m'bulangete, mutu ukhale motsikirapo kuti dovu lizitsika pansi, ndipo musamuthire chilichonse m'kamwa. Galu amene walandira atropine msanga n'kupyola tsiku loyamba nthawi zambiri amachira.

Mtundu wina wothamanga ndi zinc phosphide, ufa wotuwa moderako wonunkha ngati adyo kapena nsomba yoola. Ukakumana ndi asidi wa m'chifu umatulutsa mpweya wa phosphine. Galu amasanza, mimba imatupa, amabanika, pakati pa mphindi 15 ndi maola 4. Kumupatsa chakudya kapena mkaka kumawonjezera asidi, ndiye kuti mpweya woipawo ukuwonjezekanso. Masanzi ake ndi oopsa kwa munthu: galu asanzire panja, inu muime mbali imene mphepo ikuchokera, ndipo pagalimoto mawindo onse akhale otsegula.

Anthu ena amatsegula makapisozi a Indocid, mankhwala a anthu ochepetsa ululu, n'kusakaniza ndi nsima kapena usipa kuti aphe makoswe. Mankhwala amenewa amaboola zilonda m'chifu cha galu ngakhale atakhala ochepa. Mudzaona kusanza, kukana chakudya ndi chimbudzi chakuda ngati phula pakapita tsiku limodzi kapena angapo.

Masiku 3 mpaka 5: mankhwala okhetsa magazi

Amenewa ndiwo ambiri m'masitolo. Klerat ali ndi brodifacoum, Storm ali ndi flocoumafen, Racumin ali ndi coumatetralyl, ndipo palinso bromadiolone ndi difenacoum. Onsewa amatsekereza chiwindi kugwiritsa ntchito vitamini K, amene thupi limafuna popanga zoumitsa magazi. Zoumitsa zimene zili kale m'magazi zimatha pang'onopang'ono, n'chifukwa chake galu amaoneka wabwinobwino masiku awiri oyamba. Khoswe nayenso safa tsiku lomwelo. Amatha masiku angapo akuyendayenda ndi kudyabe nyambo, n'kudutsa mipanda ya anthu ambiri.

Kodi khoswe mmodzi angaphe galu? Tiwerengere. Nyambo ya brodifacoum yambiri imakhala ya 0.005 peresenti, kutanthauza kuti galamu imodzi ili ndi mamiligalamu 0.05. Madokotala amayamba kuchitapo kanthu galu akadya mamiligalamu 0.02 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake. Mbewa ya m'nyumba imadya magalamu 3 kapena kuposerapo pang'ono patsiku, amenewo ndi mamiligalamu 0.15. Kwa galu wa makilogalamu 20, malire ake ndi mamiligalamu 0.4, choncho mbewa imodzi siifikapo. Kwa kamwana ka galu ka makilogalamu 3, malire ake ndi 0.06, ndipo mbewa yomweyo yapitirira kawiri ndi theka. Khoswe wamkulu amatha kudya magalamu 20 patsiku, imeneyo ndi miligalamu imodzi yathunthu, yokwana kudetsa nkhawa ngakhale pa galu wamkulu. Malire amenewa anaikidwa pansi dala, sikuti galu akawapitirira pang'ono ndiye kuti afa. Koma brodifacoum amakhala m'chiwindi masabata ambiri, moti galu wotola mbewa imodzi tsiku lililonse kwa sabata yonse amasonkhanitsa poizoni pang'onopang'ono. Galu wamng'ono, kamwana, galu wokalamba, wa bere kapena woyamwitsa, ndi galu aliyense wotola makoswe mobwereza, amenewa musadikire nawo.

Anthu amadikira kuona magazi akutuluka m'mphuno, koma magazi ambiri amakhetsekera m'kati, makamaka m'chifuwa. Choyamba kuoneka ndi ulesi, kukana chakudya, kupuma mofulumira kapena kutsokomola. Ena amatsimphina mwendo popanda bala chifukwa magazi alowa m'mfundo. Ena amatupa pansi pa khungu, kapena amaoneka mabanga ofiirira pamimba pamene ubweya ndi wochepa. Mkodzo ungafiire, chimbudzi chingade.

Kwa masiku 7, m'mawa ndi madzulo, chitani izi. Kwezani mlomo wa galu muone nkhama: zizikhala zapinki ndi zonyowa. Dinikizani ndi chala mpaka payere, n'kuchotsa. Mtundu ubwerere masekondi awiri asanathe. Nkhama zoyera kapena zotuwa ndi ngozi ya tsiku lomwelo. Galu wa nkhama zakuda mumuyang'ane m'kati mwa chikope cha m'munsi. Werenganinso kupuma kwake akagona: kupitirira ka 30 pa mphindi, kunja kusakutentha, n'chizindikiro choipa.

Njira yabwino koposa ndi kusadikira zizindikiro. Mukafika kwa dokotala maola 2 mpaka 4 asanathe, amatha kumusanzitsa ndi kumupatsa makala a kuchipatala ogwira poizoni m'mimba. Kumene zida zilipo, amayeza kaumidwe ka magazi pakapita maola 48 mpaka 72. Kumene kulibe, madokotala ambiri amangoyamba mankhwala. Mankhwalawo ndi vitamini K1, mamiligalamu 2.5 mpaka 5 pa kilogalamu patsiku, ogawidwa m'mawa ndi madzulo, kwa masiku 28 ngati poizoni ali wa mtundu wa brodifacoum kapena sakudziwika. Amalowa bwino m'thupi akaperekedwa ndi chakudya cha mafuta pang'ono, monga dzira kapena chiponde.

Zolakwika zitatu zimapha agalu ambiri apa. Choyamba ndi kugula vitamini K3 wa m'mabotolo a ziweto kapena mavitamini osakaniza a nkhuku: amenewa sagwira ntchito pa poizoniyu, afunika K1 basi. Chachiwiri ndi kusiya mankhwala pakatha sabata chifukwa galu akuoneka bwino. Poizoni amakhala adakalipo, ndipo magazi amayambanso kukha masiku ochepa pambuyo pake. Chachitatu ndi kuganiza kuti vitamini K1 amaletsa magazi nthawi yomweyo. Chiwindi chimafuna maola 6 mpaka 12 kuti chipange zoumitsa zatsopano, choncho galu amene wayera kale nkhama angafunike kuwonjezeredwa magazi. Nthawi yonse ya mankhwala, galu asathamange, asalimbane ndi anzake, ndipo asabayidwe majakisoni osafunikira.

Musaiwale mphaka. Iye wadya nyama yomweyo, ndipo amalemera makilogalamu 3 kapena 4 okha.

Zimene anthu amathamangira koma zimawononga

Madzi amchere osanzitsira ndi oopsa. Galu akapanda kusanza, mcherewo umalowa m'magazi n'kuwononga ubongo. Mkaka, mazira aawisi ndi mafuta ophikira sizichotsa poizoni, ndipo mafuta amathandiza mankhwala ena kulowa m'thupi msanga. Choipa kwambiri ndi kuthira zimenezi m'kamwa mwa galu amene akunjenjemera kapena kukomoka, chifukwa zimalowera m'mapapo. Makala a pambaula osinja si ofanana ndi makala a kuchipatala amene amagulitsidwa ku famase, mphamvu yake yogwira poizoni ndi yochepa kwambiri. Makala a kuchipatala amaperekedwa galamu imodzi kapena awiri pa kilogalamu, osungunula m'madzi, kwa galu amene ali maso ndipo akumeza bwino.

Ngati muli kutali ndipo dokotala wakuuzani pafoni kuti musanzitse, chimene chimagwiritsidwa ntchito ndi hydrogen peroxide wa 3 peresenti, mililita imodzi kapena awiri pa kilogalamu, osapitirira mamililita 45. Ameneyu ndi wa galu yekha, mphaka ayi. Aspirin ndi Brufen amawonjezera kukha kwa magazi. Panado amapha mphaka ngakhale piritsi limodzi.

Ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, mabungwe osamalira zinyama, ndipo kumidzi yambani ndi mlangizi wa ziweto wa dera lanu kapena ofesi ya zaulimi ya paboma. Imbani foni muli panjira kuti akonzeretu atropine kapena vitamini K1, chifukwa si malo onse amasunga.

Ngati nkhani ya poizoni palibe

Chotsala kawirikawiri ndi m'mimba basi. Nyama imene yagona padzuwa, kapena mbalame yokhala ndi tizirombo ta Salmonella, imayambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba pakati pa maola ochepa ndi masiku atatu. Galu wamkulu amene akumwa madzi ndipo ali ndi mphamvu, mumupumitse chakudya maola 12, madzi muzimupatsa pang'onopang'ono, kenako mpunga kapena phala ndi nkhuku yowiritsa yopanda mafuta ndi mafupa, pang'ono kanayi patsiku. Kamwana ka galu musakasalitse chakudya, shuga wa m'magazi ake amatsika msanga. Pitani kwa dokotala ngati kusanza kwapitirira tsiku limodzi, m'chimbudzi muli magazi, thupi latentha kupitirira madigiri 39.5, kapena khungu la pakhosi likamachedwa kubwerera mukalitsina. Galu wamng'ono amene wameza khoswe wamkulu wathunthu kapena mbalame ndi nthenga zake, n'kumasanza chilichonse, mimba ikuwawa, chimbudzi osatuluka, angakhale atatsekeka matumbo. Ameneyo mafuta a nsatsi samuthandiza.

Nyama yoola kwenikweni ili ndi vuto lina, la poizoni wa botulism. Si lofala, koma limadziwika mosavuta: miyendo yakumbuyo imalefuka pakati pa maola 12 ndi masiku 6, kulefukako n'kumakwera kutsogolo, galu ali maso ndipo mchira akugwedezabe.

Pakati pa masiku 4 ndi 12 samalani ndi leptospirosis, matenda ochokera mu mkodzo ndi impso za makoswe, ofala nyengo ya dzinja. Galu amatentha thupi, amasanza, amamwa madzi kwambiri kapena kusiya kukodza, maso ndi nkhama n'kusanduka zachikasu. Amachizika ndi doxycycline kwa masiku 14 akapezeka impso zisanawonongeke. Amagwiranso anthu, choncho mkodzo wa galu wodwala musaugwire ndi manja, ndipo pamalopo thirani Jik gawo limodzi m'magawo 10 a madzi. Katemera wake alipo, wobwereza chaka ndi chaka, ndipo ndi wosiyana ndi wa chiwewe amene amabaya pakampeni.

Chiwewe chochokera kwa khoswe kapena mbewa n'chosowa kwambiri. Mleme ndi nkhani ina. Mphaka akagwira mleme, musaugwire ndi manja, ndipo uzani dokotala ngakhale nyama zonse zinabayidwa katemera, chifukwa mileme ina ili ndi mavairasi achibale a chiwewe. Kamwanapiye kakufa ndi chitopa sikadwalitsa galu, koma galu woyenda nako amafalitsa chitopa m'makola a anthu. Chule amachuchitsa dovu ndi kufiiritsa nkhama: pukutani m'kamwa ndi nsalu yonyowa kwa mphindi 10, mukuitsuka pafupipafupi. Mutu wa njoka yongofa kumene umatha kulumabe, choncho mphaka akasiya njoka pakhonde, yang'anani ngati galu watupa kumaso kapena mlomo.

Njoka za m'mimba ndi utitiri

Ambiri amathamangira kupereka piritsi la njoka tsiku lomwelo. Silivulaza, koma silithandiza kwenikweni, chifukwa mphutsi zimene zili m'nyamayo zimafuna masabata angapo kuti zikule m'matumbo. Perekani pakatha masabata 3 kapena 4. Mankhwalawo akhale ndi praziquantel, mamiligalamu 5 pa kilogalamu, wa njoka zaphwatalala, pamodzi ndi pyrantel kapena fenbendazole wa njoka zozungulira. Drontal Plus ndi piritsi limodzi pa makilogalamu 10. Galu wotola zinthu kawirikawiri alandire miyezi itatu iliyonse, ndipo ngati akutola sabata ndi sabata, mwezi uliwonse. Muyezeni pasikelo, musangoyerekeza ndi maso. Ivermectin wa ng'ombe sapha njoka zaphwatalala, ndipo mlingo wochuluka umapha agalu a mtundu wa Collie ndi achibale awo.

Njoka imene ambiri saidziwa koma ndi yofala kummwera kwa Africa ndi Spirocerca lupi. Mphutsi zake zimakhala m'tizirombo tokunkhuniza ndowe, ndipo abuluzi, mbalame, nkhuku ndi makoswe odya tizirombo timeneti amazisunga m'thupi. M'galu, mphutsizo zimayenda m'makoma a mitsempha ya magazi kwa miyezi ingapo, n'kukapanga zotupa m'njira ya chakudya, m'kati mwa chifuwa. Pakapita miyezi 4 mpaka 6 kapena kuposerapo galu amayamba kubweza chakudya chosagayika atangodya, amavutika kumeza, amaonda. Mapiritsi wamba a njoka saipha. Imafuna mankhwala monga doramectin, milbemycin kapena moxidectin pa ndondomeko ya dokotala, ndipo zotupa zikakhalitsa zimatha kusanduka khansa. N'chifukwa chake buluzi wosiyidwa ndi mphaka si wonyozeka monga amaonekera.

Utitiri umachoka pa khoswe thupi lake likangozizira, n'kulumphira pa nyama yofunda imene ili pafupi. M'madera amene mliri wa makoswe unagwapo, monga ku Nsanje mu 2002, zimenezi n'zofunika kwambiri. Galu sadwala kwenikweni ndi mliriwu, koma amabweretsa utitiri m'nyumba, pamene mphaka amadwala kwambiri ndipo angapatsire munthu. Makoswe akayamba kufa okha ambiri popanda woika poizoni, uzani a zaumoyo. Pothira mankhwala a utitiri kumbukirani kuti a agalu okhala ndi permethrin amapha amphaka.

Za toxoplasmosis, nthenda ya kachirombo imene amayi oyembekezera amaiopa chifukwa ingavulaze mwana wosabadwa: galu amatha kuitenga kwa khoswe, koma nthawi zambiri sadwala, ndipo sataya mazira ake monga amachitira mphaka. Choyenera kupewa mayi woyembekezera ndi chimbudzi cha mphaka ndi kugwira nyama zakufazo.

Kuti zisamabwerezeke

Mphaka amasaka kwambiri madzulo ndi m'bandakucha, choncho munthu woyamba kudzuka azungulire khonde, kuseri kwa khitchini ndi pansi pa nkhokwe galu asanamasulidwe, kapena asanafike mbali imeneyo. Amphaka amakonda kusiya nyama pamalo amodzimodzi, mudzawadziwa pakatha masiku ochepa. Chimene mwapeza chiponyeni m'chimbudzi chokumba. Dzenje losaya galu amalifukula, ndipo ngati mukukwirira, kumbani kupitirira theka la mita n'kuikapo mwala.

Mukamupeza ali nacho kukamwa musamuthamangitse kapena kukuwa, amangomeza msanga. Muonetseni kanthu kokoma kuposa, monga kachidutswa ka nyama, n'kunena mawu amodzi omwewo nthawi zonse, monga "siya". Muziyeserera ndi zinthu zachabe masiku wamba kuti mawuwo adzagwire ntchito tsiku lofunika. Galu wodya nsima yokhayokha kamodzi patsiku amatola chilichonse, ndipo usipa kapena mutu wa nsomba m'chakudya chake umachepetsako khalidweli, ngakhale sulithetsa.

Ena amalangiza kumangirira kabelu pakhosi pa mphaka kuti asamagwire zambiri. Kwa amene amaweta mphaka chifukwa cha makoswe, uku n'kudzitsutsa. Chimene sichigwirizana ndi mphaka si galu, ndi poizoni. Pakhomo pamene pali mphaka wosaka, gwiritsani ntchito misampha yachitsulo kapena diwa, tsekani mabowo ndi simenti kapena waya wa timaso ting'onoting'ono, ndipo chimanga chikhale m'zotengera zachitsulo kapena pathandala lotalikirana ndi khoma. Ngati poizoni sangapewedwe, mphaka agone m'nyumba ndipo galu akhale womangidwa kuyambira tsiku loika nyambo mpaka masabata awiri mutaichotsa, ndipo makoswe akufa azitoledwa m'mawa uliwonse. Pemphaninso oyandikana nawo kuti azikuuzani tsiku limene aika mankhwala ndi dzina lake, mulembe pakalendala.